Fisi, Njala ndi Mkamwini: Zimene Nthano za ku Mulanje Zidasunga

Pamene mbusa Robert Cleland wa mpingo wa Church of Scotland adakwera m'mbali mwa phiri la Mulanje kukayamba mishoni, imene sadakhalitse nayo pakuti adamwalira m'chaka cha 1890, midzi ya m'munsi mwa phirilo idali nayo kale sukulu yakeyake. Sukuluyo inkayamba dzuŵa litaloŵa, anthu atadya nsima, makamaka m'miyezi ya pambuyo pa kukolola pamene khasu lapumula. Ophunzitsa ake kaŵirikaŵiri adali agogo aakazi m'kuka, amayi pamoto, ndi atsikana osinkhuka pabwalo mwezi ukamaŵala. Mmodzi ankati, "Padangokhala," ena onse navomera kuti, "Tili tonse." Anthu ankati akuimba nthano, chifukwa zambiri zidali ndi nyimbo yake yoti omvera avomereze. Kuimba nthano masana kudali koletsedwa, ndipo nkosavuta kuona chifukwa chake: mwana womvera nthano sapirikitsa mbalame kumunda.

Amene amayesa nthano zoseketsa ana chabe ayenera kuti adangoŵerenga za Kalulu ndi Njovu m'mabuku a sukulu. Nthano za m'kuka zidali ndi magazi. Mudali mayi wopereka mwana wake kwa chilombo, bambo womana ana ake chakudya, mbale wopha mbale wake chifukwa cha nsalu, ndi mtsikana wonenepetsedwa kuti adyedwe. Kodi amayi okonda ana awo ankasankhiranji zoopsa zotere kuti ndizo ana agone nazo? Mbiri ya derali imayankha funsoli koposa momwe nthanozo zingadziyankhire zokha.

Mitundu itatu ndiyo idakumana m'munsi mwa phiri la Mulanje. Amang'anja adali eni nthaka akale. Ayao adaloŵa cha m'ma 1860, ndipo mafumu awo monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu adagwira njira za malonda zopita ku nyanja yamchere. Alomwe adayamba kufika ochuluka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, pothaŵa ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo ambiri adaloŵa ntchito m'minda ya Azungu, m'boma limene tiyi adayamba kulimidwa m'chaka cha 1891. Zilankhulo zidali zosiyana, koma pa nkhani ya banja onse adali amodzi. Omvera a ku Mzimba, ku Karonga kapena ku Nsanje, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna, ayenera kukumbukira kuti ku Mulanje mwamuna ndiye ankasamuka. Ankamanga nyumba kwa mkazi, nalima munda wa akuchikazi, ndipo ana obadwa adali a mbumba ya mayi. Woŵayang'anira weniweni adali mlongo wa mayiyo, atsibweni, amene adalinso nkhoswe ya ukwati. Wosadziŵa zimenezi angamve nthano za kumeneko, koma sangazimvetse.

Nthano yoonetsa zimenezi poyera ndi ya mtsikana wokana amuna. Alice Werner, mayi amene adabwera ku Blantyre Mission m'chaka cha 1893 ndipo pambuyo pake adaphunzitsa zilankhulo za mu Afrika ku London, adailemba monga idamvekera m'dziko muno, ndipo imapezeka m'buku lake la 1933 lotchedwa Myths and Legends of the Bantu. Padali namwali wokongola amene ankakana mnyamata aliyense wa m'mudzi. Tsiku lina kudabwera mlendo wooneka bwino, wosadziŵika kwawo, ndipo namwaliyo adamulola pomwepo. Mlendoyo adatenga mkazi wake kunka naye kwawo. Kamlongo kake ka mtsikanayo, kamnyamata ka manthongo m'maso, kadapempha kuti kaperekeze, koma iye adakakana pochita nako manyazi. Iko kadatsatirabe mobisala, ndipo atafika adakagoneka m'khola la nkhuku. Usiku kadamva afisi atazungulira nyumba, akuimba kuti nyama yawo adzaidya ikanenepa. M'maŵa kadauza mlongo wake, iye nakatukwana. Usiku wotsatira kadamanga chingwe ku chala cha kuphazi cha mlongo wakeyo, ndipo afisi atayamba kuimba kadakoka chingwecho, mtsikana nadzimvera yekha. Kenaka kamnyamatako kadabwereka kasemasema kwa mlamu wake, nkusema chinguli chachikulu chimene chidaŵaulutsa onse aŵiri mpaka kwawo, afisi akuthamanga pansi.

Tchimo loyamba m'nthanoyi lidachitika fisi asadaonetse mano. Mwamuna adachotsa mkazi pamudzi pa amayi ake, popanda nkhoswe yodziŵa kumene akuchokera. M'dera la chikamwini, chitengwa chinkaloledwa mwamuna atakhala kaye pamudzi zaka, anthu atamuona mtima. Uyu adamutenga tsiku lomwelo. Ndipo wopulumutsa sadali bambo, sadali mfumu, koma mlongo, ngakhale wonyozeka ndi wodwala maso. Mtsikana aliyense womvera ankaphunzira kuti mwamuna angathe kusanduka, koma mlongo ndiye mwini mbumba wa maŵa, choncho asamunyoze ngakhale akhale wa mamina.

Kuopsa kwake sikudali kongopeka. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese pali mpata umene amalonda a akapolo ankadutsitsamo anthu m'magoli. Boma la Harry Johnston lidamangapo linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njirayo, ndipo nkhondo zolimbana ndi mafumu a m'derali zidafika mpaka 1895. Ogula akapolo ankafuna kwambiri akazi ndi ana, pakuti ena ankasungidwa m'midzi ya mafumu kuti akhale akazi ndi antchito osakhala ndi abale oŵalankhulira. Agogo amene ankaimba nthanoyi m'masiku a Cleland adaadziŵa maina a atsikana amene adachoka pamudzi ndi mlendo osabweranso. Nthanoyo mwina ndi yakale kuposa malonda a akapolo, pakuti imapezeka m'maiko ambiri a mu Afrika, koma m'zaka zimenezo idamveka ngati nkhani ya dzulo.

Komabe chilungamo chifuna kuti mbali ina inenedwe. Nthano yomweyi idali chikwapu cha mtsikana wofuna kudzisankhira yekha. Kukana mwamuna amene akulu amufuna kunkaoneka ngati kunyada, ndipo mathero ake adali kuchititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ndani angaŵerenge ana aakazi amene adaloŵa m'banja asadakhwime, poopa kutchedwa wokana amuna? Malaŵi adachita kufika m'chaka cha 2015 kuti akhazikitse lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Nthanoyi idateteza atsikana kwa alendo, koma sidaŵateteze kwa abale awo.

Yoopsa koposa ndi ya Kachirambe, amene Ayao amamutcha Kalikalanje. Duff Macdonald, amene adatsogolera Blantyre Mission kuyambira 1878 mpaka 1881, adalemba za Kalikalanje m'buku lake la Africana la 1882, ndipo Werner adalemba za Kachirambe. Mwa kafotokozedwe ka Chimang'anja, mayi woyembekezera adaononga dzira la fisi (m'nthano fisi amaikira mazira, ndipo palibe mwana amafunsa), ndiye pofuna kupulumutsa moyo wake adalonjeza fisiyo mwana amene adali m'mimba. Mwanayo adabadwa akuyenda ndi kulankhula. Mayi ake adayesa njira zosiyanasiyana zomuperekera. Adabisa fisi mumtolo wa udzu namtuma mwanayo kukasenza, koma iye adazindikira. Adammeta mbali imodzi ya mutu kuti fisi amdziŵe usiku, koma iye adasokoneza chizindikirocho. Fisi akafunsa pagulu la anyamata kuti Kachirambe ndani, onse ankayankha kuti ndiwo. Pomaliza chilombocho chidafa. Ena amaimaliza ndi mwana kukhululukira mayi ake. Ena amati adaŵapha.

Mayi wogulitsa mwana wake ndi chinthu chimene mtima umakana kumva, koma anthu a m'mapiri a Shire adachiona ndi maso. M'zaka za 1862 ndi 1863 chilala chidagwa pamodzi ndi nkhondo, ndipo njala yake idapululutsa midzi. Amishoni a UMCA amene adakhala ku Magomero kuyambira 1861 adalemba za midzi yopanda anthu, ndipo David Livingstone adaona mitembo ikuyandama mumtsinje wa Shire. Padalinso mwambo wa chikole, wakuti banja logwa m'mlandu kapena m'ngongole linkapereka munthu, kaŵirikaŵiri mwana, kuti akhale kwa mwini mlandu mpaka dipo litaperekedwa, ndipo dipolo nthaŵi zina silinkaperekedwa konse. Pamene Macdonald ankalemba nthano zake padali pasadathe zaka 20 chichitikire njalayo. Chodabwitsa nchakuti amayi eni ake ndiwo ankaimba nthano yotsutsa mayi. Sadadzikometsere. Adauza ana awo kuti mantha ndi njala zingathe kugonjetsa ngakhale chikondi cha wokubala, ndipo kuti mwana ayenera kukhala maso, ndi kukhala ndi anzake oti pa tsiku la tsoka adzayankhe dzina lake.

Nawo amuna sadapulumuke pakamwa pa agogo. M'maboma ambiri muli nthano ya bambo amene m'chaka cha njala adapeza uchi, nauthira mumtsuko, naukwirira padzala la phulusa, nazikapo bango. Tsiku lililonse ankauza ana ake kuti amuimbire pamene iye akudya phulusa kuti iwo apeze chakudya chokwanira, chonsecho akuyamwa uchi ndi bango lija. Mkazi atatulukira chinsinsicho adachotsa uchi nathiramo phulusa lenileni ndi madzi, ndipo bamboyo adatsamwa ana akuimba. Ana amaseka pamenepa mpaka misozi, koma amayi ankadziŵa chimene ankanena. Megan Vaughan, wofufuza mbiri amene adafunsa anthu a m'boma la Blantyre za njala ya 1949 ndi kusindikiza buku lake mu 1987, adapeza kuti amayi ankaikumbukira ngati chaka chimene amuna ambiri adapita kukasuma osabwerera, ena nakwatira komweko kumene adapeza chakudya. Zambiri mwa izi adazipeza m'nyimbo za pamtondo. M'chikamwini mwamuna adali ndi kwawo kothaŵira; mkazi adalibe, pakuti ana ndi munda zidali pakhomo pake.

Nthano za mkamwini wadyera nzosaŵerengeka, ndipo zonse zimayenda njira imodzi: mkamwini akana chakudya pamaso pa apongozi ponamizira ulemu, usiku nakaba chomwecho, nagwidwa mochititsa manyazi. Apa mpofunika kumumverako chisoni munthuyu. Adali mlendo pamudzi, wolima munda wa eni, wosaloledwa kudya pamodzi ndi apongozi ake aakazi, ndipo akulu ankamunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Msonkho wa nyumba ndi thangata zitabwera, katundu wake adachuluka: ankagwirira mwini esiteti masana, apongozi madzulo. Kuseka mkamwini kudali njira ya mudzi yomukumbutsa malo ake.

Pamene anyamata adayamba kupita ku Harare ndi ku Joni, nthano zidaŵatsatira. Ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J. W. Gwengwe adailemba m'buku limene ana ambiri a sukulu adaŵerenga, ikunena za abale aŵiri obwerera kuchokera ku ntchito yakutali, wina ndi katundu, wina chimanjamanja. Wopanda kanthuyo adapha mbale wake panjira, koma mbalame idamutsatira ikuimba zimene adachita, ndipo ngakhale adayesa kuipha idafika naye mpaka kumudzi. Mbalame yoimba mlandu imapezeka m'nthano zambiri. Kudalibe apolisi m'thengo, choncho mwana ankakula akudziŵa kuti thengo lili ndi maso.

Yachisoni koposa zonse ilibe chilombo ngakhale chimodzi. Mayi wosabala, atatopa ndi kusekedwa, adaumba mwana ndi dothi, ndipo mwanayo adakhala wamoyo. Dzina lake adali Kamdothi. Lamulo lidali limodzi lokha, lakuti mvula isamugwere. Mitambo ikachita bii mayiyo ankaima pakhomo namuimbira kuti athaŵe, Kamdothi nathamangira m'nyumba. Koma mwana ndi mwana. Tsiku lina adapita kutali ndi anzake, mvula idampeza panjira, ndipo adasungunuka mayi ake akuona. Palibe woipa m'nthanoyi woti alangidwe. M'dera limene ulemu wa mkazi udagona pa kukulitsa mbumba, ndipo malungo ndi matenda a m'mimba zinkatenga ana ambiri m'nyengo yomweyo ya mvula, Kamdothi adali mwana aliyense. Mayi woimba nthanoyi kaŵirikaŵiri adali ataikapo wakewake m'manda, ndipo atsikana omvera ankakonzekeretsedwa mtima pa chimene ambiri a iwo adali kudzakumana nacho. Nkoyenera kuonanso kuti nthano zotere zimaika vuto la kusabala pa mkazi. Mwamuna akakhala ndiye wolephera, mudzi unkabisa nkhaniyo ndi mwambo wa usiku umene dzina lake, mwatsoka, ndi fisi yemweyo.

Kodi mishoni idachita nazo chiyani zonsezi? Amishoni adalimbana ndi mwavi, mitala ndi zinamwali, koma nthano adazilandira, poyamba ngati njira yophunzirira chilankhulo. David Clement Scott wa ku Blantyre adasindikiza buku lake lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja mu 1892, lodzala ndi miyambo ya anthu, ndipo R. S. Rattray adatulutsa nthano ndi nyimbo za Chinyanja mu 1907. Ntchito yawo njofunika kuithokoza, pakuti popanda iyo sikukadadziŵika momwe nthano zinkamvekera kalelo. Koma mlendo wolemba ndi cholembera masana ankamva kwa amene adali naye pafupi, ana a sukulu ndi antchito a pamishoni, ndipo m'kuka sankaloŵamo. Pofika m'mabuku oŵerenga a sukulu, zimene zidapambana ndi nthano za nyama, zotha ndi phunziro loyalidwa bwino kumapeto. Kalulu adaloŵa m'kalasi, Kachirambe ndi mayi ake natsala panja.

Motero mtsikana wa pa Mulanje Mission, imene patapita zaka idasamuka m'mbali mwa phiri kudza pamalo pamene ili lero pansi pa Sinodi ya Blantyre ya CCAP, ankakula ndi maphunziro aŵiri osagwirizana kwenikweni. Masana ankaphunzira kuŵerenga, kusoka ndi kuchapa, namva kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Usiku agogo ake ankamuimbira za dziko limene mwamuna ndi mlendo woyenera kumuyang'anitsitsa, ndipo mlongo ndiye pothaŵira. Amayi ambiri a Mvano adasenza ziphunzitso zonse ziŵirizi moyo wawo wonse, osaona chifukwa chotayira chimodzi.

Kufeŵetsa nthano polemba sikudayambe m'dziko muno. Ku Germany, abale aŵiri Jacob ndi Wilhelm Grimm adasindikiza nthano zawo koyamba mu 1812, ndipo ambiri mwa oŵafotokozera adali akazi, monga Dorothea Viehmann. M'kusindikiza koyambako, amene adaumiriza kuti Hansel ndi Gretel akatayidwe m'nkhalango chifukwa cha njala adali mayi wawo woŵabala, ndipo amene adafuna kupha Snow White adalinso mayi wake weniweni. M'kusindikiza kwa pambuyo pake onse aŵiri adasandutsidwa amayi opeza, chifukwa oŵerenga a m'mizinda sadafune kumva zotere za mayi. Ku France, Charles Perrault adalemba mu 1697 za kamtsikana kovala chofiira kamene kadakumana ndi mmbulu, ndipo m'kulemba kwakeko kadadyedwa, nkhani nkuthera pomwepo. Mlenje wokapulumutsa adachita kuwonjezedwa ndi ena. Mmbulu wolankhula mokoma ndi fisi wovala bwino ndi munthu mmodzi. Kusiyana kwake nkwakuti ku Ulaya wopulumutsa mtsikana amakhala mlenje kapena mwana wa mfumu amene kaŵirikaŵiri amamkwatira, pamene ku Mulanje amakhala mlongo wake, ndipo ulendo umathera pakhomo pa amayi, osati kunyumba ya mwamuna.

Phiri nalo lili ndi nkhani zake, ngakhale kuti anthu a kumeneko saziika m'gulu la nthano, pakuti amazinena motsitsa mau. Nsonga yake yaitali, ya mamita 3,002, imatchedwa Sapitwa. Amati mizimu imatha kuikira wapaulendo chakudya, ndipo wochipeza adye yekha osaitana mnzake. Lamulo limeneli nlotsutsana ndi zonse zimene nthano za pamoto zimaphunzitsa, kumene wodya yekha amatsamwa phulusa, ndipo kutsutsanako kumaonetsa kuti kumwambako nkwa eni ena, a malamulo ena. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'gulu la malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, potchulanso zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe.

Dziko litalandira ufulu ntchito yolemba idapitirira. E. Singano ndi A. A. Roscoe adatulutsa Tales of Old Malawi mu 1974, J. M. Schoffeleers ndi Roscoe yemweyo adatulutsa Land of Fire mu 1985. Ndipo Steve Chimombo wa ku Chancellor College adasanthula luso la nthano m'buku lake la 1988. Mabuku ameneŵa adabwezera zoopsa zija m'malo mwake, koma adalembedwa m'Chingerezi, chimene agogo oimba nthanowo sakadatha kuŵerenga. Zimene zidalembedwa zochepa koposa ndi za Alomwe, ngakhale kuti ndiwo ochuluka ku Mulanje ndi ku Phalombe. Adafika mabuku oyamba aja atalembedwa kale kapena ali mkati molembedwa, sukulu za mishoni zinkaphunzitsa m'Chinyanja, ndipo ana awo ambiri adasiya chilankhulo cha makolo poopa kunyozedwa ndi dzina lachipongwe limene anthu ankaŵaitanira masiku amenewo. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene lidakhazikitsidwa poyera pa Chonde m'boma lomwelo la Mulanje mu 2008, lidadza pamene mibadwo ingapo idali itakula kale ndi Chicheŵa chokha. M'midzi ina agogo amafotokoza nthano yonse m'Chicheŵa, koma ikafika nyimbo amaiimba m'Chilomwe monga adaimvera kwa amayi awo, adzukulu navomereza mau amene tanthauzo lake salidziŵa.